AMASAI NDI MABUSA AO

Amasai ndi mtundu wa abusa okhala m'zidikha za Kenya ndi Tanzania. Cuma cao conse ndi ng'ombe, ndipo kuyambira kale-kale ng'ombezo zinali kudya msipu pamodzi ndi mbidzi ndi nyumbu. Popeza iwo sanali kukonda nyama ya m'thengo, zinyama zinaswana kwambiri m'dziko lao.

M'caka ca 1891 kunagwa mliri wa ng'ombe, womwe uja unaoloka Zambezi mu 1896. Makola anatsala apululu, ndipo nthomba ndi njala zinapha anthu osawerengeka. Njanji itafika ku Nairobi mu 1899, Azungu anapeza mtunduwo uli wofooka, nasirira mabusa ace. Mu 1904 mtsogoleri wao Olonana anabvomera pangano lakuti anthu ace acoke ku Naivasha ndi Nakuru, ena apite ku Laikipia, ena kumwera. Boma linalonjeza kuti malo atsopanowo adzakhala ao masiku onse a mtundu wao. Koma patapita zaka 7 zokha, mu 1911, pangano laciwiri linawacotsanso ku Laikipia. Amasai ena anakasuma ku bwalo lamilandu, koma mu 1913 oweruza anati bwalolo linalibe mphamvu pa nkhaniyo.

Pambuyo pace anayamba kutaya malo cifukwa ca zinyama zomwe zija anakhala nazo mwamtendere. Serengeti inasanduka nkhalango yotetezedwa mu 1951, ndipo mu 1959 Amasai a kumeneko anasamutsidwira ku Ngorongoro. Amboseli inatsatira mu 1974. Ku Kenya mabusa otsala anagawidwa kwa magulu kuyambira 1968, kenaka kwa munthu mmodzi-mmodzi. Ena anagulitsa zigawo zao, ena analima tirigu, ndipo mipanda ya waya inatseka njira za nyumbu ndi ng'ombe zomwe.

Poona bvutoli, eni malo a pafupi ndi Maasai Mara anapangana njira yina. Anaphatikiza zigawo zao nazibwereketsa kwa osunga alendo, malo nkukhalabe ao. Cotero kunabadwa Olare Orok mu 2006, Mara North mu 2009, ndi Naboisho mu 2010, kumene eni malo oposa 500 anagwirizana. Mwini malo amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Mahema a alendo ndi owerengeka, kuti mlendo aone mkango popanda khamu la magalimoto. Ng'ombe zimadya mosinthana malo monga mwa pangano, ndipo anyamata ambiri alembedwa nchito yolondera zinyama ndi kutsogolera alendo.

Komabe mabvuto sanathe. Wopanda malo, makamaka mkazi, sapindula kweni-kweni, ndipo pa nthawi ya cilala m'busa amadandaula poona msipu umene saloledwa kulowamo. Ku Loliondo, m'Tanzania, anthu anacotsedwanso mu 2022 kuti malo asungidwire zinyama. Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti pangano la nthaka limalimba pokha-pokha pamene mwini nthaka ali ndi mau pa bwalo, ndipo dzina lace lili pa cikalata.