Kalata ya Lord Salisbury ya Chaka cha 1890

Anthu awiri akakangana za malire a munda, mfumu imawaitanira kubwalo, nimva mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mboni. Pakati pa maiko sizikhala chomwecho nthawi zonse, pakuti palibe mfumu yoposa onse yoti ikakamize wamphamvu kukhala pansi pabwalo. Tiona zimenezi pa mkangano wa Angelezi ndi Apwitikizi polimbirana dziko la m'mbali mwa mtsinje wa Shire.

Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo anali kunena kuti dziko lonse la pakati pa Angola ndi Mozambique ndi lawo. M'chaka cha 1886 anaonetsa mapu a dzikolo kwa Afalansa ndi Ajeremani, ndipo iwo sanatsutse. Angelezi ndiwo anakana, chifukwa amishoni a ku Scotland anali atamanga kale ku Blantyre m'chaka cha 1876, ndiponso Cecil Rhodes anali kufuna njira yopita kumpoto.

M'chaka cha 1889 kazembe wa nkhondo wa Apwitikizi, Serpa Pinto, anakwera ndi Shire pamodzi ndi asilikali ake. John Buchanan, wogwirizira udindo wa kazembe wa Angelezi, analengeza kuti Amakololo ali m'manja mwa Mfumukazi Victoria, koma m'mwezi wa Novembala asilikali aja anamenyana ndi anthu a mfumu Mlauli napha ambiri.

Tsono pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Angelezi, anatumiza kalata yaifupi ku Lisbon. Mawu ake anali akuti Apwitikizi achotse asilikali awo onse ku Shire ndi ku dziko la Amashona, ndipo ayankhe tsiku lomwelo. Akapanda kutero, kazembe wa Angelezi achoka m'mudzi wawo. Zombo za nkhondo zinali zokonzeka kale. Nduna za Apwitikizi zinakumana usiku womwewo, nizigonja.

Apwitikizi anapempha kuti mlanduwo auweruze munthu wapadera, monga linalolera pangano la ku Berlin la 1885. Lord Salisbury anakana, ndipo chifukwa chake sichivuta kuchiona. Kawiri konse Angelezi anali atalola kale woweruza wotere pokangana ndi Apwitikizi omwewo, za chisumbu cha Bolama m'chaka cha 1870 ndi za Delagoa Bay m'chaka cha 1875, ndipo kawiri konse mlandu unawagwera. Munthu wokhala ndi zombo zambiri angafunirenji kupitanso kubwalo kumene anagwa kawiri? Komatu tikumbukire kuti maiko awiriwa anali paubwenzi wolembedwa kuyambira 1386. Ubwenziwo sunathandize kanthu tsiku limenelo.

Ku Lisbon anthu anachita manyazi ndi mkwiyo waukulu, boma linagwa, ndipo pangano la malire la mu Ogasiti 1890 nyumba ya malamulo inalikana. Kukanako sikunabweze Shire. Pamene anali kuchedwa, anthu a Rhodes analowa m'mapiri a Manica, kotero kuti pa pangano lachiwiri la pa 11 Juni 1891 Apwitikizi anataya mbali yaikulu ya mapiriwo, ngakhale anawaonjezera dziko kumpoto kwa Zambezi.

Koma Apwitikizi, ngakhale anali ofooka, anali nawo mpando pokambirana. Amang'anja, Amakololo, Achewa ndi Angoni analibe ngakhale mphasa. Palibe mmodzi wa mafumu awo amene anaitanidwa ku London kapena ku Lisbon. Malire anatsata Ruo ndi Shire, nakwera ndi msana wa mapiri ogawa madzi a ku Zambezi ndi a kunyanja. Mzere umenewo unadula pakati dziko la Angoni a Chikuse. Ndicho chifukwa chake woyenda pamsewu wa ku Ntcheu kupita ku Dedza, akafika pa Lizulu, amaona Malawi kudzanja lamanja ndi Mozambique kumanzere, chonsecho anthu a mbali zonse ziwiri ndi a mtundu umodzi, ogula ndi kugulitsa mbatatesi pamsika umodzi.