Mbiri ya masamu olosera phokoso la helikopita

Asilikali amene anamenya nkhondo ku Vietnam ankaizindikira helikopita ya Bell UH-1 isanatulukire n'komwe. Mapiko ake awiri ankamveka kuti phaphapha ili kutali, ndipo adani nawo ankamva. Gawo lalikulu la phokosolo silichokera mu injini ayi. Phiko likamazungulira limasiya kamvuluvulu kunsonga kwake. Ndege ikamatsika, phiko lobwera pambuyo limawomba kamvuluvuluyo, mpweya n'kulira ngati mkwapulo.

Masamu olosera phokosoli anabwera mwapang'onopang'ono. Mu 1952 James Lighthill wa ku yunivesite ya Manchester anaonetsa mmene mpweya wovunduka umabalira phokoso, ngakhale iye maganizo ake anali pa ndege za jeti. Mu 1969 John Ffowcs Williams ndi David Hawkings anawakulitsa masamuwo kuti akhudzenso zinthu zolimba zimene zikuyenda mumpweya. Kenako Feri Farassat wa ku NASA Langley, m'boma la Virginia, anawakonza kuti kompyuta izitha kuwawerengera, ndipo mu 1986 Kenneth Brentner analemba pulogalamu yolosera phokoso la helikopita yotchedwa WOPWOP.

Pulogalamuyo inali ndi polekezera. Inkaitenga ndege ngati kuti ikuuluka mosakhota, pa liwiro limodzi, kotero kuti ukawerengera phiko limodzi, enawo umangokopera. Koma ndi woyendetsa uti amene amauluka choncho ulendo wonse? Amakhota, amachepetsa liwiro, amatsika kukatera padenga la chipatala, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene amakhala pafupi ndi nyumba za anthu. Pokhota, phiko lililonse limasenza katundu wakewake. Vuto linanso n'lakuti phokoso limene lafika m'khutu tsopano linanyamuka kale, phikolo lili pena, ndege yonse itapendekera kwina. Kompyuta iyenera kubwerera m'mbuyo, kachigawo kalikonse ka phiko n'kukapezera pamene kanali.

Brentner atasamukira ku yunivesite ya Penn State, iye ndi ophunzira ake anailembanso pulogalamuyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'kuitcha PSU-WOPWOP. Iyi imatsata phiko lililonse palokha. Anapeza kuti phokoso limasintha kwambiri pa kamphindi kamene ndege ikuyamba kukhota, ndipo kwa ine apa ndi pamene ntchitoyi inayamba kuthandiza anthu apansi, chifukwa kakhotedwe ndi katsikidwe zili m'manja mwa woyendetsa.

Masamu pawokha sakwana. Mu 2011 akatswiri a NASA, a kampani ya Bell ndi a gulu lankhondo la America anayala maikolofoni pansi ku Eglin, m'boma la Florida, n'kuulutsa Bell 430 pamwamba pake, ikukhota ndi kutsika, kuti ayerekeze zimene makompyuta analosera ndi zimene zinamvekadi.