Mmene maina a aphungu anatulukira poyera ku Britain

Mu April 1641 aphungu a ku England anavota kuti Earl wa ku Strafford, mlangizi wamkulu wa Mfumu Charles I, aphedwe. Okana analipo 59. Posakhalitsa maina awo anamatidwa poyera ku Westminster pamodzi ndi mawu owanena kuti ndi ogulitsa dziko. Mantha a nthawi imeneyo sanathe msanga. Mu 1696 Nyumba ya Malamulo inagamula kuti kusindikiza maina a aphungu malinga ndi mmene aimira pa nkhani ndi kuphwanya ufulu wa Nyumbayo, ndipo mu 1738 inaletsanso kusindikiza zimene aphungu alankhula. Chonsecho, m'zaka zomwezo munthu wosankha phungu ankavota poyera. Ankatchula dzina la amene akumufuna anthu akumva, ndipo voti yakeyo inkalembedwa m'buku limene mwini munda umene iye amalima ankatha kuliwerenga. Wofooka anali pambalambanda pamene wamphamvu anali mseri.

Zinatenga zaka zoposa zana kuti zimenezi zitembenuke. Mu 1771 Nyumbayo inafuna kulanga osindikiza manyuzipepala a mu London, koma wandale John Wilkes ndi meya wa mzindawo, Brass Crosby, anawateteza. Crosby anatsekeredwa mu Tower of London, anthu anakwiya, ndipo kuyambira pamenepo aphungu analeka kulimbana ndi atolankhani. Mtolankhani William Cobbett anayamba kusindikiza zokambirana za m'Nyumba m'mabuku, ntchito imene Thomas Curson Hansard anaitenga mu 1812. Komabe mawu a phungu ndi voti yake ndi zinthu ziwiri. Munthu akhoza kulankhula mokoma masana n'kukavota mosiyana usiku, ndipo aphungu ambiri sankalankhula n'komwe. Moto utawononga nyumba yakale ya malamulo mu 1834, anamanga khonde lachiwiri lovotera kuti ovomera azidutsa kwina, okana kwina, ndipo mu 1836 alembi anayamba kulemba dzina la aliyense n'kulisindikiza. Mu 1872 voti ya munthu wamba inakhala yachinsinsi. Apa m'pamene zinthu zinakhala m'malo mwake, chifukwa wosankha amavotera moyo wake, koma phungu amavota ndi mphamvu yobwereka kwa anthu ena, ndipo eni mphamvuyo ayenera kudziwa kumene yapita.

Kusindikiza kokha sikunakwanire. Maina anali m'mabuku a zokambirana aja, otchedwa Hansard, koma ndani akanakhala pansi kufufuza mavoti mazanamazana kuti adziwe khalidwe la phungu mmodzi? Amene anali ndi nthawi yotero anali akuluakulu a zipani, atolankhani ochepa ndi makampani olemba anthu ntchito yonyengerera aphungu. Pa 18 March 2003 Nyumbayo inavomereza nkhondo ya ku Iraq, ngakhale aphungu 139 a chipani cholamula cha Labour anagalukira boma lawo. Chaka chomwecho Francis Irving ndi Julian Todd analemba pulogalamu ya kompyuta yotola maina mu Hansard n'kuwasanja phungu ndi phungu, ndipo anaitcha Public Whip. Mu 2004 kunabwera webusaiti ya TheyWorkForYou, imene pambuyo pake inayamba kuyendetsedwa ndi bungwe la mySociety. Munthu amangolemba nambala ya dera lake pa intaneti, mbiri ya mavoti a phungu wake n'kutuluka. Sanaulule chinsinsi chilichonse. Anangofikitsa kwa aliyense zimene ochepa ankazidziwa kale.

Otsutsa kuulula mavoti a aphungu amanena zinthu zomveka. Choyamba ndi chomwe chija cha 1641, chakuti phungu wodziwa kuti dzina lake lioneka amaopa gulu kapena chipani, n'kusiya chikumbumtima chake. Kuopseza aphungu ndi mlandu ndithu, ndipo kuyenera kulangidwa. Koma kubisa voti sikubisira akuluakulu a chipani, amene amaima pakhomo la khonde n'kumaona aliyense akudutsa. Amene amatsala mumdima ndi wovota yekha. Chachiwiri n'chakuti mndandanda sufotokoza chifukwa. Phungu akhoza kukana lamulo lothandiza osauka poona kuti n'lofooka, koma pa intaneti n'kuoneka ngati mdani wa osauka. Vutoli ndi lenileni, ndipo mu 2006 kunamveka madandaulo akuti aphungu ena ankalankhula mawu achabe m'Nyumba kuti chiwerengero chawo pa TheyWorkForYou chikwere. Mankhwala ake ndi kuwonjezera, osati kuchotsa: pambali pa voti paikidwe mawu a lamulolo, zimene phunguyo analankhula, ndi zimene chipani chake chinamulamula. Ngati anavota mongomvera chipani, nazonso anthu a m'dera lake ayenera kuzidziwa.

Pali mpata umene intaneti singautseke. Nkhani zambiri ku Westminster zimatha ndi voti ya pakamwa, pamene Sipikala amangomvetsera mbali imene yafuula kwambiri, ndipo palibe dzina limalembedwa. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inatengera mwambo umenewu pamodzi ndi Hansard. Pamene alembi sanalembe maina, pulogalamu ya kompyuta ilibe choti itole, choncho ntchito imayambira m'malamulo a Nyumba eniake, pa funso lakuti ndi mavoti ati amene ayenera kuitanidwa dzina ndi dzina.