Project ECHO: Madokotala Ophunzitsana pa Vidiyo

Project ECHO ndi ndondomeko yosachita malonda imene imalumikiza akatswiri a zamankhwala ndi azachipatala akumadera akutali kudzera m'misonkhano ya pa vidiyo. Likulu lake lili pa yunivesite ya New Mexico, mumzinda wa Albuquerque ku America. Anaiyambitsa mu 2003 ndi Dr Sanjeev Arora, katswiri wa matenda a chiwindi wobadwira ku India.

Chiyambi chake

Pa nthawiyo, anthu pafupifupi 28,000 m'chigawo cha New Mexico anali ndi matenda a hepatitis C, koma amene ankalandira chithandizo anali ochepa zedi. Chigawochi n'chachikulu, midzi ndi yotalikirana, ndipo wodwala ankadikira mpaka miyezi 8 kuti aonane ndi Arora. Mankhwala a nthawi imeneyo, interferon ndi ribavirin, ankafooketsa thupi kwambiri ndipo munthu ankawalandira kwa miyezi 6 kapena pafupifupi chaka. N'chifukwa chake madokotala akumidzi ankaopa kuwapereka okha. Ena mwa odwala ankafika kwa katswiri chiwindi chitawonongeka kale.

Arora anaona kuti ngakhale atamagwira ntchito usana ndi usiku, mzerewo sungathe. Anasankha kugawa luso lake kwa anzake a m'zipatala zing'onozing'ono ndi za m'ndende.

Mmene msonkhano umayendera

Pamakhala likulu, komwe kuli gulu la akatswiri, ndi zipatala zambiri zolumikizidwa kwa ilo. Onse amakumana pa tsiku lokhazikika, kawirikawiri kamodzi pa mlungu, ndipo masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito Zoom. Katswiri amaphunzitsa mwachidule, koma nthawi yambiri imathera pa nkhani za odwala enieni. Dokotala kapena namwino wakumudzi amafotokoza za wodwala amene wamuzunguza mutu: zaka zake, zizindikiro, zotsatira za magazi ndi mankhwala omwe akumwa. Dzina salitchula, ngakhalenso chilichonse chomwe chingamuulule. Anzake a zipatala zina amayamba kufunsa ndi kupereka maganizo, kenako akatswiri n'kuwonjezera pomwe papelewera. Malangizo amalembedwa n'kutumizidwa kwa mwini nkhaniyo.

Apa ndi pomwe ECHO imasiyanirana ndi njira yoti katswiri aziona wodwala pa kompyuta. Mu ECHO katswiri sakumana ndi wodwalayo n'komwe. Wodwala amakhalabe m'manja mwa wachipatala wa kwawo, yemwe akudziwa chilankhulo chake, banja lake ndi msewu wopita kunyumba kwake. Katswiri akaona wodwala mmodzi pa vidiyo wathandiza mmodzi basi. Namwino akamva nkhani zotere mlungu ndi mlungu, amafika pothana nazo yekha. Kunena zoona, kamera ndi mbali yaing'ono chabe ya ntchitoyi. Chachikulu n'chakuti anthu omwewo azibwerabwera mpaka atazolowerana, moti wina asachite manyazi kunena kuti zamuvuta.

Umboni ndi kufalikira

Mu 2011 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa odwala 407. Pa odwala omwe anathandizidwa m'zipatala 21 za ECHO, zakumidzi ndi za m'ndende, pafupifupi 58 pa 100 alionse anachira. Kuchipatala cha yunivesite chiwerengero chinali chofanana ndi chomwechi. Zotsatirazi ndi zimene zinatchukitsa ndondomekoyi, ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito pa matenda a shuga, a maganizo, chifuwa chachikulu ndi HIV, ngakhalenso pa maphunziro a aphunzitsi. Mu December 2016 Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lotchedwa ECHO Act, lolamula boma kufufuza phindu la njirayi.

Ku Africa, dziko la Namibia linayambitsa ECHO ya HIV mu 2015, ndipo mayiko monga Kenya, Tanzania ndi Zambia anatsatira. Mliri wa COVID-19 utatseka maulendo mu 2020, misonkhano yotereyi inachuluka kwambiri.

Zovuta zake

Kulowa nawo m'misonkhano n'kwaulere, komabe netiweki yodukaduka, kuthima kwa magetsi ndi mtengo wa bandulo zimalepheretsa zipatala zomwe zikufunitsitsa thandizo. Vuto lina ndi nthawi: pachipatala chokhala ndi namwino mmodzi, ola la msonkhano limatanthauza kuti odwala adikire pa benchi. Malikulu ambiri amadaliranso ndalama za mabungwe othandiza polipira oyendetsa misonkhano, choncho thandizolo likatha misonkhano ina imaima.