Kusankha chingwe cha winchi: cha waya kapena cha ulusi

Winchi ndi makina amene amamangidwa kutsogolo kwa galimoto zoyenda m'misewu yovuta kuti azizikoka zikatitimira m'matope kapena mumchenga. M'dziko muno makinawa amafunika kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene maambulansi ndi galimoto za alangizi zimayenda m'misewu yadothi ya kumidzi. Zingwe za winchi zilipo za mitundu iwiri, cha waya ndi cha ulusi wa pulasitiki, ndipo kusankha kwake kumadalira malo amene galimoto imagwirira ntchito komanso chisamaliro chimene chingwecho chidzalandire.

Chingwe cha waya

Chingwe cha waya chinayambitsidwa m'chaka cha 1834 ndi Wilhelm Albert, yemwe ankagwira ntchito m'migodi ya ku Clausthal m'dziko la Germany. Ubwino wake ndi wakuti chimapirira chikamakhuzika pamiyala ndi pazitsa, sichiwonongeka ndi dzuwa kapena kutentha, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo.

Komabe chingwechi n'cholemera: cha mamita 30 chonenepa mamilimita 9.5 chimafika pafupifupi makilogalamu 12. Chimachita dzimbiri ngati sichipakidwa mafuta, ndipo chikapindika malo amodzi sichibwereranso mphamvu zake. Tiwaya tikayamba kuthothoka timabaya m'manja. Choopsa kwambiri n'chakuti chikaduka chili chokungika chimakwapula mwamphamvu moti chingathe kuvulaza kapena kupha munthu amene waima pafupi.

Chingwe cha ulusi

Chingwechi chimalukidwa ndi ulusi wa pulasitiki wolimba kwambiri, womwe umadziwika ndi mayina a malonda monga Dyneema ndi Spectra. Mphamvu zake zimafanana kapena kuposa za waya wonenepa chimodzimodzi, koma cha mamita 30 sichipitirira makilogalamu 2. Chimayandama pamadzi, sichichita dzimbiri, ndipo chikaduka sichikwapula ngati waya kaamba ka kupepuka kwake. Munthu wodziwa kaluke kake angathe kuchilumikizanso ali kuthengo komweko, zomwe n'zovuta ndi waya.

Adani ake ndi atatu. Woyamba ndi kutentha: ulusiwu umasungunuka pa madigiri pafupifupi 150, koma umayamba kufooka usanafike pamenepo, ndipo winchi zambiri zili ndi buleki mkati mwa chitsulo chokulungapo chingwe, yomwe imatentha ikagwira ntchito nthawi yaitali. Wachiwiri ndi mchenga ndi matope, zomwe zimalowa pakati pa ulusi n'kumaudula pang'onopang'ono. Wachitatu ndi dzuwa. Kotero chingwechi chimayenera kuchapidwa ndi madzi oyera, kuumitsidwa ndi kuphimbidwa chikatha ntchito.

Zoyenera kulingalira pogula

Galimoto yokoka zitsa ndi mitengo, yoyenda m'malo amiyala, kapenanso yosinthanasinthana madalaiva popanda mmodzi woiyang'anira, imayenera chingwe cha waya chifukwa chimapirira nkhanza. Galimoto yomwe kawirikawiri imatitimira m'matope kapena kuwoloka mitsinje, ndipo anthu ambiri amasonkhana kudzathandiza kuikoka, imayenera cha ulusi chifukwa ngozi yake ndi yocheperako, bola pakhale dalaiva wochisamalira.

Posintha kuchoka ku waya kupita ku ulusi, pakamwa pa winchi pamene chingwe chimadutsa pamayeneranso kusinthidwa. Zitsulo zozungulira zomwe zinakandidwa kale ndi waya zimadula ulusi, choncho pamaikidwa chitsulo chosalala cha aluminiyamu, ndipo chokulungapo chingwe chimasalazidwa. Ndalama zimenezi ziyenera kuwerengeredwa pamtengo wa chingwecho.

Winchi nayo iyenera kulingana ndi galimoto. Lamulo lodziwika ndi lakuti mphamvu zake zipose kulemera kwa galimoto yodzaza katundu ndi theka: galimoto ya makilogalamu 3,000 imafuna winchi yokoka makilogalamu 4,500, ndipo chingwe chiyenera kukhala champhamvu kuposa winchiyo.

Malamulo a zingwe zonse ziwiri

Wokoka avale magolovesi achikopa ndipo anthu onse aime patali kuposa kutalika kwa chingwe. Pakati pa chingwe payalidwe bulangete kapena chinthu china cholemera kuti chikaduka chigwere pansi. Chingwe chisamasulidwe chonse: pachokulungapo patsale mizere isanu ya waya, kapena khumi ya ulusi. Chisakolowekedwe pamtengo chokha koma pagwiritsidwe ntchito lamba wapadera, ndipo chisagwiritsidwe ntchito pokoka galimoto inzake mogwedeza. Chingwe chilichonse chiziyenderedwa mvula isanayambe, ndipo chomwe chapindika, chathothoka kapena chapserera chichotsedwe galimoto isanatumizidwe kumudzi.