Nthenda Yogona m'Dambo: Mbiri ya Nkhosa Zotaya Bere

Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa, m'boma la Mzimba, amadziŵa kuŵaŵa kwa khola lopanda chiŵeto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, mliri wa rinderpest unapulula ng'ombe zawo. Mliri umenewo unalengezedwa kuti watheratu padziko lonse m'chaka cha 2011. Koma ilipo nthenda ina imene imaononga khola poyambira m'mimba mwa nkhosa yabere. Dzina lake ndi Rift Valley fever.

Mbiri yake inayamba kulembedwa m'chaka cha 1930 m'dziko la Kenya, pafamu ina ya nkhosa pafupi ndi nyanja ya Naivasha. Itagwa mvula yambiri, nkhosa zabere zinayamba kupoloza, ndipo ana a nkhosa okwana 3,500 ndi nkhosa zazikazi 1,200 zinafa m'masabata oŵerengeka. Mu 1931 akatswiri atatu, Daubney, Hudson ndi Garnham, anaonetsa kuti choyambitsa chake ndi kachirombo ka mtundu wa vairasi, kamene kamaononga chiŵindi ndipo kamagwiranso anthu.

Ku South Africa, m'zaka za 1950 ndi 1951, nkhosa pafupifupi 100,000 zinafa, ndipo zokwana 500,000 zinataya bere. Mu 1974 nthendayi inabuka ku Chisamba, m'dziko la Zambia. Mu 1977 inafika ku Egypt, kumene inapha anthu pafupifupi 600.

Chimene chinkazunguza akatswiri n'chakuti mliri ukatha, nthendayi inkazimirira zaka zambiri. Kodi inkabisala kuti? Yankho linapezeka ku Kenya m'zaka za m'ma 1980. Udzudzu wa mtundu wa Aedes umaikira mazira m'mphepete mwa madambo, ndipo ena mwa mazirawo amakhala ndi kachiromboka. Mazirawo amapirira chilala m'dothi louma. Dambo likasefukira, amaswa onse pamodzi, udzudzu n'kuluma ziŵeto, kenaka mitundu ina ya udzudzu n'kufalitsa mliriwo. Liwu lakuti dambo limapezekanso m'mabuku a sayansi a m'Chingerezi.

Apa ndi pamene mbiriyi ikukhudza Mzimba. M'chigwa cha South Rukuru ndi m'madera a Embangweni ndi Edingeni, dambo ndilo busa la ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022 anapeza zizindikiro za kachiromboka m'magazi a ziŵeto za m'maboma asanu ndi atatu a Malaŵi, kuphatikizapo Karonga ndi Chitipa m'Chigawo cha Kumpoto. Zizindikirozo zinapezeka kwambiri mu nkhosa kuposa mu mbuzi.

Katemera woyamba anachokera ku ntchito ya Smithburn ya mu 1949. Iye amateteza kwa nthaŵi yaitali, koma akabayidwa nkhosa yabere, angathe kuitayitsa bere. N'chifukwa chake ziŵeto zimalandira katemerayu zisanatenge bere, mliri usanafike.

Phunziro la zaka zonsezi n'lakuti mliri umayamba kuonekera m'khola usanafike m'nyumba. Nkhosa zambiri zikapoloza nthaŵi imodzi m'dzinja la mvula yochuluka, mŵini khola asagwire mwana wakufayo kapena magazi ndi manja, asadye nyama ya chiŵeto chodwala, asamwe mkaka wosaŵiritsa, ndipo adziŵitse msanga mlangizi wa ziŵeto kapena ofesi ya ziŵeto pa Boma la Mzimba. Ku Naivasha nkhosa zinafa chifukwa chake chisanadziŵike. Mŵeti wa lero akuchidziŵa.