Mphamvu ya uchi pa tizilombo toyambitsa matenda

Uchi wokhwima, monga umene alimi a njuchi amafula m'nkhalango ya Dzalanyama komwe kumachokera mtsinje wa Diamphwe, umalepheretsa mabakiteriya ambiri kuswana. Chinsinsi chagona pa kuchepa kwa madzi: pa magawo 100 alionse a uchi, pafupifupi 80 ndi shuga, pamene madzi safika magawo 20. Shuga wochuluka chotere amatsopa madzi m'kachilombo mpaka kafote. Uchi ulinso ndi asidi, ndipo ukakumana ndi chinyezi cha pachilonda umatulutsa pang'onopang'ono hydrogen peroxide, mankhwala otsukira mabala. Aiguputo ankaupaka pazilonda zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Mphamvuyi sichedwa kutha. Uchi wofulidwa njuchi zisanamate zisa ndi phula umakhala wamadzimadzi ndipo umasasa. Wowiritsidwa pamoto pousiyanitsa ndi phula sutulutsanso hydrogen peroxide. Wogula pamsika wa Mitundu kapena m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje afunse za kafulidwe kake, pakuti kutsekemera kokha si umboni.

Chilonda chakuya kapena chotuluka mafinya n'chofunika chipatala. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale dontho: ungamudwalitse botulism, matenda ofoola minofu.